Bambo wa Pachikwangwani

Pokwerera basi, kumunsi kwa phiri la Barón,
pali bambo wamtali ngati nyumba.
Anamumata pachikwangwani dzinja lisanayambe.
Wagwira thewera ndi zala ziwiri,
kutali ndi thupi, ngati wanyamula khoswe wakufa,
mphuno waitsina ndi chopanira zovala,
maso ali tong'o.
Kumbuyo kwake mkazi wapinda manja, akupukusa mutu,
ndipo zilembo zofiira zikuseka:
Nlosavuta, ngakhale abambo angathe!

Ndimamupatsa moni m'mawa uliwonse,
Amparo ali pachifuwa panga,
mkaka umene wabweza ukuuma paphewa la jekete.

Maritza amadzuka kukadali mdima
kukakweza makontena kudoko la Valparaíso.
Ine ndimatsala ndi mabotolo anayi,
masitepe zana ndi makumi atatu,
ndi kamunthu kosadziwa kuti dzanja lomusambitsa nlachimuna.
Kulira kwa njala ndimakudziwa:
kumayamba ngati chitseko chosowa mafuta.
Kwa mpweya m'mimba kumapinda timiyendo.
Kulinso kwina, kwa pakati pa usiku,
kopanda chifukwa, kongofuna fungo la khosi langa.

Kuchipatala namwino anayang'ana kuseri kwanga,
nafunsa, mayi ake ali kuti?
Mankhwala anawalemba m'zilembo zikuluzikulu
nati, mukawapatse akakuwerengereni.
M'chimbudzi cha amuna mulibe pogoneka mwana;
ndinamusintha pamaondo, nditakhala pansi pozizira,
phini ndili nayo kukamwa.

Doña Ercilia wogulitsa buledi amandiombera m'manja:
lero mwawathandizako amayi!
Kuthandiza.
Ngati ndine mlendo wobwereka mpando m'nyumba yanga.
Komabe amandiwonjezera banzi laulere,
ndipo ine, wopanda manyazi, ndimalandira.
Maritza anamuyamwitsa miyezi isanu mawere atang'ambika,
palibe anamupatsapo ngakhale nyenyeswa.
Zimenezi ndimazimeza pamodzi ndi banzilo,
zimakakamira pakhosi.

Tsono usiku wina thupi la mwana linatentha ngati ayironi.
Ndinatsika phiri nditavala nsapato zosiyana.
M'sitolo ya mankhwala munali munthu patsogolo panga,
wamfupi, wadazi, kolala itanyowa,
khanda lili gone paphewa.
Dzanja limodzi likuwerenga makobidi,
lina likusisita kamsana, pang'onopang'ono,
kuchokera pansi kukwera m'mwamba,
monga amachitira amene anachitapo kambirimbiri.
Atatembenuka ndinaizindikira mphuno ija.

Ndinu apachikwangwani?
Anatseka maso.
Ndine. Dzina langa ndi Eleuterio. Uyu ndi wachitatu.
Anandiuza kuti anamujambula kakhumi ndi kasanu
chifukwa manja ake ankalipinda bwino thewera,
ankaiwala kulakwitsa.
Wojambula anachita kukalipa: gwirani ngati simunalionepo!
Ndalama yake inalipira lendi ya miyezi iwiri.
Musamupatse wambiri, anatero poloza botolo langa,
ndipo mumuvule masokosi.

Tinatuluka tonse mumphepo ya kunyanja,
aliyense akugwedera ndi katundu wake wofunda,
osayankhulanso.
Iye anakhotera kumanzere.

Mvula ya Ogasiti yayamba kusenda chikwangwani chija.
Chopanira chagwa kale, mkazi uja watsala theka,
koma zala ziwiri zija zikanali m'malere.
Matewerawo ndimagulabe, ndi otchipa.
Dzulo Amparo anakweza mutu m'nsalu,
analoza chimunthu chija ndi kachala konyowa malovu,
nati, ta-ta.
Ndinafuna kumukonza.
Kenako ndinakumbuka dzanja lija pakamsana,
ndinangoti, eya, nayenso.