Batani m'Dimba la Kabichi

Fosholo yanga yagunda kanthu m'mawa uno
pakati pa mizere ya kabichi ku Probstheida.
Ndimayesa mwala. Ndapukuta ndi malovu:
batani la mkuwa, lobiriwira,
nambala yake itadyeka theka.

Wiltrud, mlongo wanga, akuti ndilitaye.
Dothi la kuno, akutero,
umabzala mbatata, umakolola asilikali.

Masiku anayi a Okutobala, chaka cha 1813.
Mvula, matope, mahatchi otumbuka mimba,
anthu oposa theka la miliyoni
kupondaponda minda ya Leipzig
mpaka mbewu kuiwala dzina la mwini wake.

Amati pano ndi pomwe Mjeremani anadzuka.
Mjeremani wake uti?
Wa ku Prusha anawombera wa ku Sakisoni.
Wa ku Sakisoni, tsiku lachitatu, anatembenuza mfuti
n'kulozetsa yemwe ananyema naye buledi m'mawa.
Pogwa, onse ankaitana amayi awo m'chinenero chimodzi.
Dziko lotchedwa Jeremani linali lisanabadwe.
Linadikira zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu,
ndipo mzamba wake anali nkhondo inanso.

M'Baibulo lathu lakale, tsamba lomaliza, muli mzere umodzi:
Gottliebe Kretzschmar, anatsuka mabala m'tchalitchi,
malungo a m'misasa anamtenga mu Novembala.
Sanafunse bala lililonse kuti ndiwe wa mfumu iti.

Kuseri kwa mpanda wanga kwaima chipilala chija,
chimwala chotchinga dzuwa la tomato wanga.
Abambo a agogo anasenza miyala yake
mpaka msana kupindika ngati chikwakwa.
Pochitsegula, mu 1913, mwana wawo Eberhard
anakupiza mbendera, nsapato zili psete,
mawu a nyimbo ali pakamwa.
Patangopita zaka zitatu
matope a ku Falansa anam'meza, nsapato ndi nyimbo zomwe.

Kenaka anabwera ovala malaya akhaki, amanja m'mwamba,
nati chimwalachi n'chawo, magazi aja n'ngawo.
Epulo wa 1945, amayi ali namwali wa zaka khumi ndi zisanu,
anabisala m'chipinda chapansi, pamwamba pa malasha,
kumva mizinga ya Amereka ikugogoda pachipilala
pomwe otsala ouma mutu anadzitsekera.
Sanawerenge kuphulikako. Ankawerenga mbatata.

Ine kusukulu anandiuza zina:
nkhondoyi ndi ubale wathu ndi Arasha.
Ndinalemba choncho, ndinakhoza mayeso.

Boma lililonse linadula batani ili
n'kulisokera pa jekete lake,
ulusi wokha ndiwo unkasintha.

Koma pali Okutobala wina
amene ndinamuyenda ndi mapazi anga.
Lolemba, pa naini, 1989.
Tinatuluka m'matchalitchi, mdima utagwa,
mphekesera zili mbwee kuti zipatala zasunga magazi,
magalimoto a asilikali ali ndii m'timisewu.
Wiltrud anasiyira mnansi makiyi ndi mwana.
Phula la kandulo linandiwotcha chala chachikulu,
sindinalisiye.
Tinazungulira mzinda, anthu zikwi makumi asanu ndi awiri,
mitima ili phaphapha,
kudikira kulira koyamba kwa mfuti.

Sikunabwere.

Nkhondo imeneyo ilibe mabatani m'nthaka.
Mdzukulu wa mdzukulu wanga akadzakumba
sadzapeza kanthu, ngakhale chipolopolo chimodzi,
ndipo ndikuopa adzati panalibe chochitika.

Tsono batanili ndalitsuka ndi viniga.
Sindikudziwa ngati mwini wake ankapemphera
m'Chifalansa, m'Chipolishi, kapena ngati ine.
Ndikungodziwa kuti kunazizira,
ndipo winawake, zala zikunjenjemera,
analimanga pakhosi m'bandakucha.

Ndaliika pazenera, pafupi ndi kachidutswa ka kandulo
komwe Wiltrud amati nako ndikataye.
Kabichi akudikira. Chisanu chayandikira,
ndipo mzere wachinayi sindinaupalire.