Chikhoti Chikubwerera Kwawo

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikudula waya wa mabelo
pano pa msika wa Soweto,
mzere wachitatu ukachoka kwa ogulitsa anyezi.
Ulaya ndimam'dziwa ndi mphuno:
fungo la mankhwala a njenjete
ndi sopo wa anthu amene sindidzawaona.

Chikhoti ichi chinatuluka m'belo la mu Okutobala,
dzuwa likuliza malata.
Angagule ubweya ndani mwezi wotere?
Ndinachiponya kunsi kwa thebulo
ndipo chinagona komweko mpaka kalata yako itafika.

Padova.
Dzinali ndinaliyeseza sabata yathunthu m'minibasi ya ku Chawama
kuti lilime lisapunthwe pouza anzanga a salaula.
Amake Zelipa anafunsa, n'kufupi ndi ku Roma?
Ndinati eya, ndisakudziwa.

Anati maphunziro ndi aulere.
Aulere!
Mapepala ako anafuna chidindo,
chidindocho chinafuna chinzake,
womasulira anatambasula dzanja,
kwa kazembe anafuna buku la kubanki lonenepa
ngati la mwini sitolo wa ku Kamwala.
Ndinalowa zilimba ziwiri.
Firiji inatuluka pakhomo pa wilibala, usiku, kuopa maso.
Amalume ako anatibwereka ndalama zoti zingogona m'buku lathu
ngati mlendo wodikira basi ya m'mawa,
ndipo kutacha zinapitadi.

Dzana magetsi atathima
ndinakhala pa kandulo kusokerera batani.
Chala chinalowa m'thumba lobooka
n'kukumana ndi kapepala kobisala m'kati mwa nsalu,
kofewa, kachikasu m'mbali.
Iwe Tikambenji unakaunika ndi foni,
milomo ikuyenda pang'onopang'ono
ngati muja unkawerengera zikwangwani za mu Cairo Road uli kumsana kwanga,
kenaka unaseka:
Amama, ndi tikiti ya basi.
Ya komweko. Munthu anakwera mamawa, mwezi wozizira.

Ine sindinaseke.
Ndinachinyamula chikhoticho ndi manja awiri.
Kani pa tonse m'nyumba muno
chodziwa njira ndi ichi chokha.

Ukupita kukaphunzira za madzi,
momwe amakwerera m'mipope mpaka nyumba zosanja.
Akuti kumeneko kuli mzinda woyenda ndi mabwato m'misewu.
Usawauze kuti kwathunso zimatero mu Febuluwale,
sangamvetse nthabwalayo.
Koma mpope wathu uja wotsokomola folo koloko m'mawa,
ukaujambule penapake m'mphepete mwa kope.

Kapenta ndamukulunga kawiri, ali pakati pa masokosi.
Akakulanda pa bwalo la ndege usalimbane nawo.

Ndipo tsiku lina pa siteji
mayi wina waimvi akadzakuyang'anitsitsa kuyambira kukhosi mpaka m'mawondo,
usafulumire kuganiza zoipa, mwanangu.
Mwina wazindikira chikhoti chake.
Umuuze m'chinenero chawocho, ngati udzakhale utachigwira,
kuti chinafika bwino,
chinaona fumbi, chinamva mapemphero a kwa aneba,
ndipo batani lachitatu ndasoka ndine
ndi ulusi wakuda, poti wabuluu unatha.

Mawa ndege ikamadzadutsa pamwamba pa Chelstone
ine ndidzakhala ndili pano ndi pulayala.
Belo lina lafika, la majuzi.
Masiku ano ndimachedwa kuyala katundu,
makasitomala akudandaula.
Sadziwa kuti ndimayamba ndapisa m'matumba monse.