Zala Zinayi ndi Theka

Chingwe cha bwato chinandiluma dzanja
m'bandakucha, padoko la Vigo, mvula ikuwaza.
Sindinalire. Ndinangowerenga zala.

Dokotala Outeiro, nkhope yanu sindinaione,
maso okha pamwamba pa kansalu,
koma ulusi wanu ndimauwerenga usiku:
mfundo khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Uxía, unandisendera lalanje
tsiku limene ndinalikankha ndi chigongono mwaukali.
Sunanene kanthu. Unangolisenda,
n'kupita kwa nkhalamba ya pabedi lachitatu.

Nawe wokolopa, dzina sindinakufunse,
unkayenda monyang'ama kuti ndigone.

Lero ndamanga ndekha batani la malaya.
Zanditengera nthawi, khofi mpaka wazizira.
Chala chachifupichi chikuloza kuchipatala kwanu.
Sichifika, koma chikuloza.