Mawa ndi Masamu

Magetsi athima chimasanire ku Chikanda kuno.
Foni ndaikoleka pa msomali kuti itiunikire,
chiperoni chatsika m'phiri, chikulowera pansi pa chitseko.
Amidu, leka kutafuna pensulo. Khala apa.
Mawa ndi masamu.

Usandiyang'ane choncho.
Inde ndinalekeza Sitandade 7,
koma tomato ndagulitsa zaka zisanu pa Mpondabwino
ndipo sanabadwe wondipusitsa pa chenje.

Werenga. 402 kuchotsa 178.
Ziwiri sizingabale zisanu ndi zitatu, kabwereke.
Khomo loyamba wapeza ziro,
ali mbuu ngati ife mwezi ukafika pakati.
Dutsa, kagogode kwa 4.
Koma wobwereka salowa chozemba:
dula 4, lemba 3,
onse aone kuti mnzako wachepa chifukwa cha iwe.
Ziro uja wasanduka 10, nayenso wakupatsako, watsala 9.
Ngongole yoiwalika ndiyo imapha samu.
Wapeza 224? Pitirira.

Pophatikiza 8 ndi 7
lemba 5, sunga 1,
monga ndimamangira ya mchere kunsonga ya chitenje.
Kamodzi kameneko n'kakang'ono
koma ukakataya mzere wonse ulira.

Apa pali mabulaketi.
A Mkwapatira sanakuuzeni?
Za m'nyumba zithe kaye, ndiye utuluke pabwalo.
Kenako kugawa ndi kuchulukitsa,
amenewo ndi odwala kwambiri, amalowa msanga kwa dokotala.
Kuphatikiza ndi kuchotsa adikire pabenchi
ngakhale analawirira.
3 kuphatikiza 4 kuchulukitsa ndi 2,
wati 14?
Liwiro la mumchenga limenelo.
Fufuta bwino, usaboole pepala.
Ndi 11.

Ziro usamuderere.
Malume analonjeza njinga, yunifolomu, nsapato za mpira,
chulukitsa zonsezo ndi ulendo umene anabwera nazo.
Waseka? Ndiye wamva.
Koma kugawa ndi ziro usayese n'komwe,
sungagawire mandasi anthu amene kulibe.

17 kugawa kwa asanu:
aliyense zitatu, zotsala ziwiri.
Zotsala zikachuluka kuposa ogawana
ndiye kuti sunagawe, wabisa.

Wafunsa za nambala zosagawika pawiri,
zija wina amatsala yekha wopanda mnzake.
Wati, ngati ife?
Tinali anayi, bambo anakwera basi ya ku Joni,
tatsala atatu.
Eya, ngati ife.
Koma zimenezo sakafunsa. Tsegula tsamba lina.

Mafunso a mawu uwerenge kawiri.
Akati "zonse pamodzi" akufuna uphatikize,
akati "zatsala zingati" chotsa,
akati "aliyense" nthawi zambiri mpeni uli pafupi.
Ndipo ulembe kuti ndi makwacha kapena mamita,
nambala yamaliseche sailandira.
Samu ikakukanika isiye, ubwererenso,
sitikhalira kasitomala mmodzi msika wonse ukudutsa.

Amene alemba mayesowa usawaope,
maofesi awo ali konkuno m'tauni,
ndimawaona madzulo akutsika ndi tizikwama
kudzanenerera tomato wa faifi handede.

Batire latsala pang'ono. Kagone.
Lula ndabwereka kwa Sakina, uisamale,
mapensulo awiri ndasongola ndi lezala,
ali m'thumba la malaya ako.

Wagona chosavula, kukamwa yasa.
Amayi akutsokomola kuchipinda.
Mtsinje wa Likangala ukumveka patali.
Ndakoka kope lija mwakachetechete,
nambala 23, imene anailumpha:
theka kuphatikiza kota.
Zapansi zifanane kaye, ndikukumbuka,
anatero aphunzitsi chaka chomwe ndinasiya.
Ndalemba pachikatoni cha tomato, dzanja likunjenjemera,
ndatsegula kumapeto kwa buku kuli mayankho.

Makota atatu.
Ndakhoza.
Wondichongera palibe,
ndadzichongera ndekha ndi khala,
foni n'kuthima.