Kwacha Ziwiri

Zaka makumi atatu ndi chimodzi
ndinakhala kuseri kwa kawindo ka positi ku Mchinji,
chidindo m'dzanja, inki m'zikhadabo,
kuwerengera akazi a eni ndalama zochokera ku Joni.
Gawo la boma ndinkadula osaphethira.
Tsiku lina mayi wina anandifunsa:
"Nanga zinazo zagwera m'njira?"
Ndinaseka.
Lero funsolo landilondola mpaka ku Navutika,
lavula nsapato, lakhala pampando wanga.

Nditapuma ntchito ndinatsata Esinati kwawo kuno ku Chipata,
mkamwini wa imvi, chuma chonse sutikesi ndi wailesi.
Iye anatsogola, dzinja lino ndi lachinayi.
Ana akuti bwererani kumudzi.
Ndibwerere, pamanda pake azilambula ndani?

Penshoni yanga imabadwira ku Lilongwe.
Dzina lake kwacha. Ya kuno nayonso kwacha.
Amapasa, koma wina anayamwa yekha.
Yanga imafika pa Mwami itadzaza jumbo,
ikawoloka imakwana m'thumba la malaya,
n'kutsalanso malo a magalasi.

Ndinayamba ndi banki.
Mtsikana waulemu, mafomu atatu, sainani apa ndi apa.
Yotumizira anadula, yolandirira anadula,
yosinthira anadula,
ndi ina imene sanaitchule dzina.
Mwezi umenewo mapilitsi a shuga
ndinkawabenthula pakati ndi lumo.

Ndinapita kwa anyamata a pamalire,
mitolo m'manja ngati osankha fodya.
Gelesomu ananditcha adadi, anandipatsa ndi mthunzi.
Zala zake zinathamanga kuposa maso anga:
noti imodzi yopinda, anaiwerenga kawiri.
Ndinazindikira ndili pa njinga, malire ali kumbuyo,
ine, amene ndalama sinandisowepo ngakhale tambala!
Wopalasa anafunsa chomwe ndikuseka.

Za pafoni musandikumbutse.
Nambala imodzi chabe chala chinaterera,
ndipo kwinakwake kuli munthu anadya nyama sabata yonse.
Ndikaimba, akuti sakupezeka.

Njira ndinaipeza pogula tomato.
Lekisina wa pa msika wa Kapata, wa mpango wofiira uja,
ankadandaula mopanda kundiyang'ana:
mwana wake ali pasukulu tsidya lija,
fizi ikamawoloka imafika itaonda.
Ndinaika tomato pansi.
Ndati mayi, matenda athu ndi amodzi,
kungoti inu akukudyani popita, ine pobwera.

Tsopano mwezi ukatha
mphwanga Yotamu amatapa penshoni ku Mchinji,
n'kukapereka kusukulu m'dzina la mwana wa Lekisina.
Lisiti akalijambula, foni imalira pa Kapata,
Lekisina amamasula mfundo ya chitenje
n'kundiwerengera za kuno, pang'onopang'ono,
noti iliyonse yotambasula.
Mtengo wosinthira timamvera pa wailesi yanga ija,
timakangana pang'ono, kuti ubale usazizire.
Ndalama siwoloka.
Amawoloka ndi mawu okha, ndipo mawu alibe pasipoti.

Ndili ndi kope la mizere, ndimalemba zonse:
tsiku, zingati uko, zingati kuno,
iye amasaina, ine ndimasaina.
Chidindo chokha ndicho ndikusowa.
Nthawi zina dzanja limadzuka lokha,
kumenya patebulo popanda kanthu.

Koma mwanayo alemba mayeso omaliza chaka chino.
Lekisina akusangalala, nanenso ndamugulira cholembera.
Usiku ndimawerenga miyezi yotsala.
Isanu.

Ndipo kalata yabwera:
opuma ntchito akaonekere okha, boma litsimikize kuti akupuma.
Mawa ndivala jekete la ukwati,
ndikwera njinga, ndidindidwa pa Mwami,
ndikaima pamzere kuti andione kuti ndilipo.
Thupi langa lidzawoloka lathunthu,
palibe adzadulepo chala.
Ndauza Esinati kuti sindigonako.