Zaka Zitatu za Galimoto Imodzi

Mayi Erimelinda abwera nayo pagalaja panga pa Ulongwe,
pikapu yoyera, matope a ku Domwe akadali m'matayala,
kumbuyo kukununkha kachewere.
Akuti, Zeferino, undiuze zoona,
galimotoyi ili ndi zaka zingati?
Wondigulitsa ku Matundo analumbira kuti ndi ya 2012,
pepala la nambala likuti 2017,
mlamu wanga wangoyang'ana nyali zake n'kuseka.

Ndapukuta manja pa ovololo.
Ndakoka lamba wa pampando mpaka pothera.
Pamenepo pali kansalu kosokerera,
kothimbirira ndi thukuta la anthu amene sitidzawadziwa.
Okutobala 2011.
Lambayu anamusoka mwezi umenewo,
masabata owerengeka pambuyo pake wina anamanga bawuti yomaliza
n'kupita kukadya.

Ndiye uja anandinamiza?
Ayi mayi, sananame, koma sananene zonse.
Opanga magalimoto ali ngati ogulitsa makalendala,
a chaka chamawa amawayala pamsika mvula isanagwe.
Iyi inatuluka chaka chisanathe, dzina atayipatsa kale la chaka chinacho,
chifukwa mphuno yake ndi nyali zake n'za mbumba ya 2012.

Nanga 2017?
Ndi pamene inatsika sitima ku Beira,
inakwera mtunda, inawoloka Zambezi ili mbuu,
kalaliki n'kuyipatsa nambala ya kuno.
Kaundula amayamba kuwerenga tsiku limene wakuona.
Zaka zisanu zimene inathamanga m'misewu ya eni ake,
mchere umene inamwa kunsi uku,
papepala palibe.

Mayi aja akhala pa tayala lakutha.
Nanga ndikamagula sipeya ndizitchula chaka chiti?
Musatchule chilichonse.
Koperani nambala ya chesesi, iyi yodindidwa pachitsulo,
muziyenda nayo m'kansalu ka ndalama.
Imeneyo yokha ndiyo siyisintha mawu.

Ndalowa kunsi kuti ndithire oyilo wakale m'beseni
ndipo mumdima muja ndayamba kudziwerenga ndekha.

Amayi ankati ndinabadwa mvula ziwiri tisanathawe,
chaka chimene nkhokwe zinapsa ku Tsangano.
Kumsasa kutsidya kwa malire, wolemba makadi a ufa
anandiona ndili kumsana, woonda ngati khasu lakutha,
analemba 1988.
Titabwerera, bambo wa tayi pakhonde la sukulu
anati ndigwire khutu mkono utadutsa pamutu.
Ndinalephera pang'ono.
Analemba 1989, tsiku loyamba la Januwale,
tsiku lomwelo anapatsanso Gaudensiyo, Felizarda
ndi mwana wa Achimphepo amene anali atamera kale ndevu.
M'kalasi mwathu theka tinali mapasa.

Chiphaso changa chimanditcha mng'ono wa mng'ono wanga.
Penshoni, ikanakhalapo, ikanandipeza mochedwa.
Amayi tinawaika ku Kalomwe chaka chathachi,
ndipo ndinafufuza m'sutukesi mwawo monse,
ndinapeza korona, makadi a sikelo a anzanga obadwa pambuyo,
ndi kiyi wa nyumba imene kulibe.
Ine sanandisokerere kansalu.

Mawondo okha ndiwo amadziwa.
Mu Juni, chisanu cha Angoniya chikatsika,
amanena chaka chenicheni,
koma m'chinenero chimene kalaliki salemba.

Zeferino, wagona kunsiko?
Ndatuluka, oyilo mpaka m'zigongono.
Mayi, galimoto yanu ili ndi zaka zitatu zobadwa.
Mukamadzagulitsa musankhe chimene mtima wanu ungasenze.
Koma lamba wa injini musinthe mwezi uno,
iyeyo amawerenga makilomita basi.

Andisiyira theka la thumba la kachewere, ndalama akuti Lachisanu.
Aliza kamodzi, yakana.
Kachiwiri yatsokomola, yavomera,
yalunjika msewu wa ku Moatize
ikupendekera pang'ono kumanzere
monga ndimayendera ine.