Chinjoka cha ku Kalingalinga

Ndaziona akwanitsa zaka zisanu Loweruka.
Nditamufunsa chomwe akufuna
ndimati anena nsapato zoyaka kuchidendene.
Iye anati, "Nyumba ya mfumu,
ya chipata, ya mbendera pamwamba,
ngati ya m'buku la aphunzitsi."
Ndinaseka, ine wa lendi ku Kalingalinga,
chipinda chimodzi ndi khonde lokwana mpando.
Iye sanaseke.

Lolemba ku Kamwala, tikutsitsa katundu wa abwana,
ndinaona chikatoni cha firiji chitatsamira khoma,
chachitali kundiposa.
Kondakitala anati chilipire mpando wakewake.
Ndinalipira.
Icho chinakhala bwinobwino ngati mlendo wa ukwati,
ine phewa lili kunja, ndikumeza fumbi.

Usiku magetsi anathima nthawi yake yomwe ija.
Foni kukamwa m'malo mwa nyali,
ndinadula mano a linga ndi mpeni wosendera mbatata.
Zenera limodzi linapotoka.
Ndinati amisiri akale ankamanga chomwecho.
Laimu ndinapempha wotsala kwa a Njobvu, eni nyumba,
njerwa ndinajambula ndi khala, imodziimodzi,
mpaka agalu a ku Mtendere anatopa kuuwa.

Amake sabata ino akugwira usiku kuchipatala.
Timakumana pa kapepala kotsindiridwa ndi botolo la mchere.
"Fulawa ndagula. Mazira alipo anayi, usakhudze."
"Nanga chisoti chachifumu?"
"Dula chigubu cha mafuta, ukute ndi chonyezimira cha m'paketi ya tiyi."
"Ndaitana ana asanu ndi awiri."
"Konzera makumi awiri. Sukuwadziwa a mumzere uno?"
Keke tidzaphika pa mbaula,
mchenga pansi, makala pa chivundikiro,
poti uvuni wa aneba umadikira magetsi
monga tidikirira mvula mu Okutobala.

Lachinayi ndinalowa ku Soweto, mu salaula,
ndinafukula mulu mpaka pansi
ndi kupeza katani yapinki ya mphonje zagolide.
Mayi wogulitsa anati makwacha makumi anayi,
ndinamuuza za mwana, anatsitsa khumi,
nawonjezera riboni mwaulere.
Ndinafika pakhomo ndikuyenda ngati ndagula puloti.
"Taona, diresi la mwana wa mfumu!"

Anaigwira. Anainunkhiza. Anandibwezera.
"Adadi, ine si wa m'nyumbamo ayi.
Wa m'nyumbamo amangokhala pazenera kudikira.
Ine ndine chinjoka."

Ndinakhala pa ndowa.
Masiku anayi ndikumangira mwana pobisala,
osadziwa kuti iye akufuna poti agwetse.
"Nanga pazenerapo akhala ndani?"
Anandiyang'ana kuyambira kuphazi
mpaka pa dazi.

Ndiye lero Lachisanu, pakati pa usiku,
ndikusoka mamba a mathireyi a mazira
pa juzi yobiriwira imene inamuchepera m'bale wake.
Ambulera yothyoka ija yasanduka mapiko.
Mchira ndi sokosi langa la mpira, lodzaza nyuzipepala,
moto ndi pulasitiki yofiira yong'amba mizeremizere.
Singano yandibaya kanayi.
Chala chikudziwa kale kuti chinjoka chimaluma.

Katani ndaiyesa, kumsana sikutseka.
Chisoti chikuterera, chikufuna chingwe cha kuchibwano.
Ndalowa m'nyumba ya mfumu, maondo kukhosi,
muli fungo la firiji yatsopano
imene sitinagulepo,
ndipo pazenera lopotoka lija
ndikuona zonse: mbaula, ndowa, nsapato zake zing'onozing'ono,
mabaluni asanu osauzira
ogona pambale ngati malilime.

Mawa anzanga onyamula nawo katundu adzadutsa pano.
Adzaona. Adzandiseka mpaka Khirisimasi.
Aseke.

Kuseri kwa chinsalu chogawa chipinda
wina watembenuka m'tulo,
wakukuta mano, watulutsa kamawu kapakhosi.
Akuyeserera kubangula.
Ine ndikuyeserera kuopa.